Tsabola wakale: mkangano wanga ndi bambo pa za Ali ndi Tyson

Bambo anga sanamuonepo Muhammad Ali akuponya nkhonya mpaka atamera imvi. Anamudziwira pa wailesi ndi pa zithunzi za m'magazini amene ankadutsa m'manja mwa anthu mpaka kuthaitha. Koma mukanawamva akufotokoza za nkhonya ya ku Kinshasa ya mu 1974, mukanalumbira kuti anakhala mpando wa kutsogolo, thukuta la George Foreman likuwadonthera pa malaya. Ankaimitsa makina osokera, kudzuka pakhonde paja, n'kutsamira chipupa ngati ndi zingwe za bwalo, manja atatchinga kumaso. "Anangotere basi, iwe. Mnzakeyo akumenya, akumenya, mpaka mphamvu zonse psiti. Raundi ya 8 itakwana, Ali anangotembenuka. Chimunthu chija pansi khu!" Makasitomala ankadikira mathalauzi awo mofatsa, poti ankadziwa kuti nkhani imeneyi siidulidwa pakati.

Ine ndine wa m'badwo wa Mike Tyson. Kanema wa dziko lathu anadzayamba mu 1999, choncho ife tinakulira m'mavidiyo, tinyumba tamdima totentha ngati uvuni, momwe tinkapereka kandalama pakhomo n'kukapanikizana pa benchi. Filimu ya karate isanayambe, mwini wake ankakonda kuika tepi ya Tyson. Sinali nkhonya imodzi yathunthu ayi, anali mathero okhaokha olumikizalumikiza: munthu wamfupi, khosi ngati mtondo, kabudula wakuda, nsapato zopanda sokosi, akulowa n'kugwetsa zimphona. Michael Spinks, amene anali asanagonjepo, anatha m'masekondi 91 mu 1988. Tinkatuluka m'menemo tikugwedeza mitu uku ndi uku ngati iyeyo, ndipo agalu a m'njira ankaona zakuda.

Tsiku lina, ndili Fomu 2 ndipo nzeru zikundiyabwa, ndinawadula bambo pakati pa nkhani yawo ija. "Bambo, tsabola wakale sawawa. Ali wanuyo, Tyson akanamugoneka raundi yoyamba." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ulusi uli pakamwa. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Iwe, Tyson wakoyo wamenyapo ndani?"

Ndinaseka, poti ndinkaona ngati ndi funso la munthu amene mfundo zamuthera. Landitengera zaka zambiri kuti ndione kuti mkangano wonse wagona pamenepo.

Si ife tinayamba. Mu 1969 anthu ena ku America anatopa ndi kukangana pakamwa, nati kompyuta ndiyo igamule. Anatenga Ali, amene pa nthawiyo anali atalandidwa lamba wa ukatswiri ndi chiphaso cha nkhonya chifukwa chokana kulowa usilikali wa nkhondo ya ku Vietnam, ndi Rocky Marciano, amene anapuma mu 1956 atapambana nkhonya 49 osagonjapo. Anawajambula akunamizira kumenyana, mathero osiyanasiyana, kenako makina n'kusankha. Makinawo anati Marciano wapambana mu raundi ya 13. Marciano mwini wakeyo sanaonere n'komwe, anafa pa ngozi ya ndege mu Ogasiti 1969, kanemayo asanatuluke. Kodi mkangano unatha? Unangokula. Kompyuta imabweza zimene waidyetsa, ndipo amene anaidyetsa anali anthu okhala ndi mbali yawo, monga ine ndi bambo.

Anyamata a masiku ano akafuna kutseka pakamwa akuluakulu amathamangira ku sikelo. Marciano ankalemera makilogalamu pafupifupi 85. Lero sakanawerengedwa n'komwe m'gulu la heavyweight, la ankhonya olemera kwambiri, akanakhala wa cruiserweight, gulu limene linadzakhazikitsidwa cha mu 1979 ndipo malire ake tsopano ndi makilogalamu osapitirira 91. Ali ku Kinshasa anali ndi 98, Foreman amene dziko lonse linkamuopa ngati chilombo anali ndi 100. Ndiye muike pambali pawo Tyson Fury, wotalika kupitirira mamita awiri. Mfundo imeneyi ndinkaikhulupirira, mpaka mu Meyi 2024 pamene Oleksandr Usyk wa ku Ukraine, munthu wa msinkhu ngati wa Ali yemweyo, wochokera ku cruiserweight, anakumana ndi Fury ku Riyadh. Usyk anali ndi makilogalamu 101, Fury 119. Kusiyana kwake ndi chigubu cha madzi cha malita 20 chotsala pang'ono kudzadza. Wamng'onoyo anapambana, mu raundi ya 9 anachita kumuzunguza Fury pa zingwe ngati woledzera, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anamugonjetsanso. Usyk yemweyo anali atagonjetsa kale Anthony Joshua kawiri. Zimene anapambanira Usyk ndi miyendo, mpweya ndi mutu, zinthu zomwezo zimene bambo ankatamanda mwa Ali. Sindikunena kuti thupi lilibe ntchito. Marciano ndi timikono take tatifupi tija sindikuona m'mene akanamufikira Lennox Lewis. Koma sikelo payokha siigamula mlandu.

Akuluakulu nawo ali ndi chida chawo: kupirira. Amati akale ankamenyana maraundi 15, a lero 12 okha. N'zoona, ndipo chifukwa chake n'chomvetsa chisoni. Mu Novembala 1982, Duk Koo Kim wa ku South Korea anagwa mu raundi ya 14 pomenyana ndi Ray Mancini ku Las Vegas, n'kumwalira patapita masiku ochepa. Bungwe loyendetsa nkhonya la WBC linadula maraundi, ena n'kutsatira m'zaka zotsatira. Taganizirani za nkhonya ya ku Manila mu 1975, Ali ndi Joe Frazier kachitatu, imene inatha Eddie Futch, mphunzitsi wa Frazier, atamuletsa kudzuka pa mpando raundi ya 14 itatha, maso atatupa osaona. Pa malamulo a lero maraundi awiri otsiriza aja, amene anawononga anthu onse awiri, sakanachitika. Mukabwerera m'mbuyo kwambiri, Jack Johnson anataya lamba ku Havana mu 1915 mu raundi ya 26, pa nkhonya imene inakonzedwa kuti ifike 45. Ndiye pali kuchuluka kwa nkhonya. Sugar Ray Robinson anamenya pafupifupi 200. Mu Febuluwale 1943 anagonja kwa Jake LaMotta, patatha milungu iwiri anamenya munthu wina, mlungu wotsatira n'kubwerera kwa LaMotta yemweyo kukabweza. Nkhonya zitatu m'milungu itatu. Katswiri wa lero akamenya kawiri pa chaka timati walimbikira. Floyd Mayweather anapuma ali ndi 50 osagonjapo, ndipo luso lake palibe angalikane, koma 50 wosankha bwino adani ndi nthawi si chinthu chimodzi ndi 200 wa munthu womenyera chakudya cha mwezi umenewo.

Ndinkaganiza kuti amene amatsatira zothamanga ali pabwino, poti kumeneko kuli wotchi, ndipo wotchi ilibe mbale. Jesse Owens anapambana mamita 100 ku Berlin mu 1936 ndi masekondi 10.3. Usain Bolt, m'bwalo lomwelo mu 2009, anathamanga 9.58. Basi nkhani yatha? Owens ankathamanga pa njira ya phulusa la malasha, ndipo poyambira ankachita kukumba timaenje ndi kafosholo kuti mapazi apeze pokankhira. Nthawi yake ankaiyeza ndi anthu ogwira mawotchi m'manja. Bolt anali ndi njira ya mphira, zitsulo zoyambira, ndi moyo wonse wolipidwa kuti azingothamanga. Abebe Bikila anapambana marathon ku Rome mu 1960 wopanda nsapato, maola awiri ndi mphindi 15. Kelvin Kiptum ku Chicago mu 2023 anatha m'maola awiri ndi masekondi 35, atavala nsapato zokhala ndi kachinthu kolimba kopepuka ka kaboni mkati zimene akatswiri mpaka lero akukanganabe kuti zimathandiza motani. Ngati kumene kuli wotchi anthu akulephera kumvana, nanga nkhonya? Mu nkhonya muyeso wako ndi munthu mnzako, ndipo munthuyo ali ndi tsiku lake labwino ndi loipa, mantha ake, ukalamba wake.

Ngakhale a m'badwo umodzi masamu ake sayenda. Frazier anagonjetsa Ali mu 1971. Foreman anamugwetsa Frazier kasanu ndi kamodzi m'maraundi awiri ku Kingston mu 1973. Ken Norton anathyola chibwano cha Ali chaka chomwecho, Foreman n'kumumaliza Norton mu raundi yachiwiri mu 1974. Mwana wa pulayimale akanakuuzani kuti Ali akukafa ku Kinshasa kuja, ku Zaire (DR Congo ya lero), ndipo ambiri ankaopadi zimenezo. Foreman anali ndi zaka 25, atapambana nkhonya 40 osagonjapo, Ali anali ndi 32. Zotsatira zake ndi zija bambo ankasewera pakhonde.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri nditayamba kuonera nkhonya zakale zathunthu pa YouTube ndi ichi: mibadwo imakumana ndithu, si nkhani yongoyerekeza. Pali chingwe chimene mungachitsate kuchokera kwa Joe Louis mpaka kwa Usyk. Koma paliponse pamene chingwecho chalumikizana, mupeza kuti mmodzi anali atatha kale. Louis, amene anasunga lamba kuyambira 1937 mpaka 1949 n'kumuteteza ka 25, anakumana ndi Marciano mu 1951 ali ndi zaka 37, dazi litayamba, akumenyera ngongole ya msonkho. Anagwera kunja kwa zingwe mu raundi ya 8. Ali anakumana ndi Larry Holmes mu 1980 ali ndi zaka 38. Holmes anali mnyamata amene kale ankamuthandiza pokonzekera, ndipo tsiku limenelo ankamenya mochita kuoneka kuti sakufuna, mpaka Angelo Dundee, mphunzitsi wa Ali, anaimitsa raundi ya 10 itatha. Nkhonya imeneyo ndinaionera kamodzi kokha, sindidzabwerezanso. Chaka chotsatira Ali anagonjanso kwa Trevor Berbick ku Bahamas, n'kusiyira pomwepo. Berbick yemweyo ndi amene Tyson anamugwetsa mu Novembala 1986, miyendo ikukana kumunyamula, Tyson n'kukhala katswiri wa heavyweight wamng'ono kuposa onse ali ndi zaka 20. Mu Januwale 1988 Tyson anamukomola Holmes mu raundi yachinayi.

Ndili mnyamata ndinkawerenga chingwe chimenechi ngati umboni wanga. Holmes anamenya Ali, Berbick anamenya Ali, Tyson anamenya onse awiri, mukufunanso chiyani? Sindinkafuna kuona kuti Holmes wa mu 1988 naye anali ndi zaka 38, atakhala pafupifupi zaka ziwiri osalowa m'bwalo. Ndipo chingwe sichinathere pa Tyson. Mu 2002 ku Memphis Lewis anamugoneka mu raundi ya 8, ndipo anzanga onse a m'mavidiyo muja anati, "Aaa, uja sanali Tyson weniweni." Mawu omwewo amene tinkawaseka bambo akamanena za Ali wa mu 1980. Wladimir Klitschko naye anadzagwa kwa Joshua ku Wembley mu 2017 ali ndi zaka 41. Chingwe chonsechi chimangotiuza kuti munthu amakalamba, chinthu chimene agogo a kumudzi akanatiuza kwaulere.

Pali munthu mmodzi amene anasokoneza dongosololi, ndipo bambo atamva za iye anayenda motukula mapewa mwezi wathunthu. Foreman anasiya nkhonya mu 1977 n'kukhala mlaliki. Anabwerera patatha zaka khumi, mutu wometa, mimba patsogolo, anthu akumuseka. Mu 1991 ali ndi zaka 42 anamaliza maraundi 12 ndi Evander Holyfield ali chiimire. Mu Novembala 1994, ali ndi zaka 45, anakumana ndi Michael Moorer wa zaka 26, amene anali asanagonjepo ndipo anali atangolanda malamba kwa Holyfield. Moorer ankatsogola pa mapointi usiku wonse. Raundi ya 10, dzanja lamanja lalifupi, mnyamata uja chagada. Holmes nayenso mu 1992, ali ndi zaka 42, anaphunzitsa nkhonya Ray Mercer, wa mendulo ya golide ya Olympics amene anali asanagonjepo. Bambo anandiitana ndili kuseri. "Iwe, tabwera. Paja unkati tsabola wakale watani?" Ndinalibe poyankha. Nkhalamba za m'badwo wa Ali zinkavutitsa anyamata a m'badwo wa Tyson, ndipo mmodzi mwa nkhalambazo ndi uja Ali anamugwetsa ali pa chimake.

Ndiye tibwerere ku funso lija. Tyson wamenyapo ndani? Anamenya anthu abwino, tisanamizane, ndipo pakati pa 1986 ndi 1988 sindikhulupirira kuti panali munthu wa thupi lotero wofulumira manja ndi mutu ngati iye. Mphunzitsi wake Cus D'Amato anamuumba bwino. Koma pamene anakumana ndi munthu amene sanamuope, amene anagwa n'kudzuka, nkhani inasintha. Buster Douglas ku Tokyo mu 1990 anagwetsedwa mu raundi ya 8, anadzuka, n'kumumaliza Tyson mu raundi ya 10. Holyfield anamuimitsa mu 1996, ndipo chaka chotsatira Tyson anachita kuluma khutu la Holyfield. Ali anali ndi Sonny Liston, Floyd Patterson, Frazier katatu, Norton katatu, Foreman, Earnie Shavers. Anagwetsedwa, anathyoka chibwano, anagonja n'kubwerera kukabweza. Ndipo zaka zitatu ndi theka zimene wankhonya amakhala pa chimake, kuyambira ali ndi 25 mpaka 28, anazithera m'makhoti. Ali wabwino koposa palibe anamuonapo, ngakhale a ku America amene anali ndi makanema m'nyumba.

Mfundo imeneyi ya anthu amene sitinawaone imandivutitsa kuposa zonse. Johnson atataya lamba mu 1915, panadutsa zaka 22 munthu wakuda asanapatsidwenso mwayi womenyera lamba wa heavyweight. Harry Wills, munthu wakuda, anadikira mwini lamba Jack Dempsey mpaka kukalamba. Teófilo Stevenson wa ku Cuba anatenga golide wa Olympics katatu, mu 1972, 1976 ndi 1980, koma sanalowe nkhonya za ndalama, ndipo ankhonya a maiko a Soviet Union nawo anali otsekeredwa kunja. Usyk akanabadwa zaka 30 m'mbuyomo sitikanamumva m'mikangano imeneyi. Ngakhale kwathu kuno, Isaac Chilemba, mwana wa ku Blantyre, anachita kusamukira ku Johannesburg kuti afike pomaliza maraundi 12 ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016. Ndi angati a manja ngati ake amene anathera pa kunyamula matumba mu msika wa Limbe? Tikamati uyu ndiye woposa onse, tikutanthauza woposa onse amene analoledwa kulowa pakhomo.

Mukandipanikiza lero kuti nditchule mmodzi, nditchula Ali, ndipo ndikudziwa kuti anzanga akale andiona ngati wogulitsa. Sikuti ndikudziwa chimene chikanachitika atakumana ali anyamata onse. Maraundi atatu oyamba ndikanatseka maso, poti Ali ankagwa ndi nkhonya ya kumanzere yokhota, Henry Cooper ndi Frazier anamugwetsa nayo, ndipo imeneyo ndiyo inali ndiwo ya Tyson. Koma za Ali ndili ndi umboni wa zimene ankachita zinthu zikafika pothina. Za Tyson umboni umene ndili nawo ukuloza kwina.

Bambo anadzamuona Ali ndi maso awo chaka chimene ndinagula laputopu yoyamba. Ndinawaikira nkhonya ya ku Kinshasa yonse. Anaonera chete, chipewa chili pa bondo. Pakati pake anayamba kusakhazikika, poti Ali wa pa kanemayo sankangotsamira zingwe ngati wa pakhonde uja, ankabweza nkhonya zowongoka raundi iliyonse, ankamukoka Foreman khosi, ankamulankhula m'khutu. Itatha anakhala kaye phee. Kenako anati, "Ya pa wailesi ija inali yabwino kuposa iyi." Ndinaseka mpaka misozi, koma usiku umenewo ndinakumbukira tepi ya m'vidiyo ija, ya mathero okhaokha, yopanda Tokyo, yopanda maraundi otopetsa amene Tyson ankangogwirana ndi James Smith mpaka belu lomaliza. Iwo anali ndi Ali wa m'makutu, ine ndinali ndi Tyson wodulidwa ndi lumo.

Bambo anatisiya Usyk asanamenyane ndi Fury, ndipo ndimalakalaka akanaona. Mu Novembala 2024 mwana wa mlongo wanga wa zaka 15 anabwera kunyumba ndi foni m'manja, akuonera Tyson wa zaka 58 akumenyana ndi Jake Paul, maraundi asanu ndi atatu a mphindi ziwiriziwiri, bondo atamanga, akuluma golovesi, miyendo ikukoka pansi. Mwanayo anandiyang'ana ndi chisoni chenicheni.

"Malume, uyu ndi Tyson mumanena uja?"

"Uyo si Tyson weniweni," ndinatero.

"Nanga weniweniyo ali kuti?"

Ndinamulanda foni ija n'kuyamba kusaka ya Spinks. Intaneti inkavuta, kachizindikiro kakungozungulira. Podikira ndinapezeka ndaimirira pakati pa balaza, zibakera pa masaya, ndikugwedeza mutu uku ndi uku, ndikumuonetsa m'mene munthuyo ankalowera.